Chaka Chimene Ba Kachingwe Anatha Mawu

Nditayamba ntchito ya uphunzitsi ku Kafue, anandipatsa kalasi yogundana khoma ndi ya ba Whiteson Kachingwe. Ine ndine Rabecca, ndimaphunzitsa Chingerezi, iwo sayansi. Mwezi woyamba ndinaphunzira sayansi yambiri ndisakufuna, chifukwa mawu awo ankaboola khoma. Ana anawapatsa dzina lakuti Sitima. Eniake ankalidziwa dzinalo koma silinkawapweteka, pakuti atate awo, amene anachokera ku Ntcheu akadali mnyamata, anagwira ntchito pa sitesheni ya njanji zaka makumi atatu.

Ba Kachingwe anabadwira m'Kafue momwemo, ndipo uphunzitsi anauyamba mochedwa. Zaka khumi ndi chimodzi anali mu labu ya fakitale ina, kuyeza mankhwala m'timabotolo ndi kulemba manambala. Ntchito itachepa, anzawo ena anayamba kuyendetsa minibasi, ena analowera ku migodi. Iwo, ali ndi zaka 36 ndi ana atatu, analowa koleji ya aphunzitsi n'kumakhala benchi limodzi ndi achinyamata amene ankawaitana kuti ba ankolo. Zaka zitatu zimenezo nyumba anaigwira ndi akazi awo, ba Elina, ndi malonda a zitenje pamsika.

Kaphunzitsidwe kawo kanali kamodzi, kosasintha. Anali ndi buku la chikuto cholimba lodzaza manotsi olembedwa mwaudongo, mitu yake yodulidwa mzere wofiira. Ankaima kutsogolo n'kumawerenga, ana n'kumalemba. Akamaliza ndime ankafunsa kuti, "Mwamva?" Kalasi yonse inkayankha pamodzi kuti, "Tamva, ba ticha." Sankamenya mwana, sankachedwa, sankajomba. Koma kwa iwo mwana amene akutsegula pakamwa ndiye kuti watseka makutu. Tsiku lina tikumwa tiyi m'chipinda cha aphunzitsi anandiuza kuti, "Ba Rabecca, kalasi yanu ija ni msika. Nimayembekeza chabe kumva mtengo wa tomato." Anzathu anaseka, inenso ndinaseka, koma mumtima chinandiwawa.

Mu 2022, boma litachotsa malipiro a sukulu, ana ambiri amene anali atasiya anabwerera. Kalasi imene kale inkakhala ndi ana makumi anayi ndi mphambu inafika pa 87, atatu kapena anayi pa desiki la awiri. Ba Kachingwe sanasinthe kanthu, anangowonjezera mawu kuti afike kukhoma lakumbuyo.

Chaka chotsatira, m'nyengo yozizira, anawo ali mu giredi 9 ndipo mayeso a boma akuwadikira mu Novembala, mawu aja anayamba kusasa. Ba Elina ankawathirira jinja, mandimu ndi uchi m'fulasiki, iwo n'kumapsontha pakati pa ndime. Lachiwiri lina m'mawa ndikuphunzitsa, ndinazindikira kuti kuseri kwa khoma kwati zii. Ndinatuluka kukasuzumira pawindo. Anali ataima pamalo awo amasiku onse, buku lili m'manja, milomo ikugwedezeka, koma mukungotuluka mpweya. Ana 87 anali atawayang'ana, mapeni ali m'mwamba.

Anakwera minibasi ndi ba Elina kupita ku chipatala ku Lusaka. Adokotala anawaunika kummero n'kupeza kachotupa pamalo potulukira mawu. Patapita masabata awiri anakachotsa, n'kukatumiza kokayezetsa ngati ndi khansa. Anawauza kuti abwerenso pakatha mwezi kudzamva zotsatira, ndipo mwezi wonsewo asalankhule, ngakhale kunong'ona.

Loweruka ndinapita kukawazonda. Ndinawapeza panja, pampando wapulasitiki, akuotha dzuwa ndi kakope kakang'ono pamwendo. Ba Elina anandiyalira mphasa nati, "Nyumba yazizira, mwana wanga. Nayatsa wailesi, koma sivilingana." Kenako anatsitsa mawu. "Na kudya sakudya. Nshima amangoipenya."

Ba Kachingwe analemba m'kakope n'kundionetsa: "Akuphunzitsa 9B ndani?"

Panalibe amene ankaiphunzitsa. Mphunzitsi wina wa sayansi anali patchuthi cha uchembere, ndipo ana ankangouzidwa kuti aziwerenga manotsi awo. Ndinawauza zoona. Ahedi athu anali atawalola kupuma mwezi wonse, koma Lolemba m'mawa tinawaona akulowa pageti, kakope kaja atakamangirira chingwe n'kukakoleka m'khosi. Pambuyo pake anadzandiuza kuti sikunali kulimba mtima ayi. Kunyumba maganizo ankangothamangira kukachotupa kaja, kuyambira m'mawa mpaka madzulo.

Tsiku loyamba linawakanika. Anadzaza bolodi ndi manotsi, ana akutsogolo n'kumakopera, akumbuyo n'kuyamba kucheza. Anamenya tebulo ndi dasitala, phokoso linaleka pang'ono n'kuyambanso. Ine ndinkamva zonse kuseri kwa khoma. Pa nthawi yopuma anabwera m'kalasi yanga, choko chili mbuu mpaka m'zigongono, nakhala pa desiki la ana. Analemba nthawi yaitali, kufufuta, kulembanso, kenako anandipatsa: "Mumatani kuti azilankhula za phunziro, osati za mpira?"

Ndinakumbukira za tomato zija, koma nkhope yawo inali yotopa kwambiri moti ndinazimeza.

"Musafunse kalasi yonse pamodzi," ndinatero. "Mukachita tero, ayankha ni Purity chabe na anzake awiri apatsogolo, ena onse apumula. Lembani funso limodzi pa bolodi. Aliyense aganize yekha miniti imodzi. Ikasila, akambisane na amene akhala naye. Pamene apo musankhe imwe wokamba, osati amene waimika dzanja."

Analemba: "Nanga ndidziwa bwanji zimene akukamba kumbuyo?"

"Muyende mukamvere. Manje makutu ndiye yamene mwatsala nayo."

Nditangotero ndinachita manyazi, koma iwo mapewa anagwedezeka. Ankaseka, popanda mawu.

Zimene ndinawauza zinali zochepa, zomwe tonse tinaphunzira ku koleji. Zina anaonjezera okha, monga munthu wozolowera kugwira ntchito ndi manja. Anatola zidutswa za siling'i yakale kuseri kwa sitolo ya sukulu, nazicheka timabolodi tating'ono 29, natipaka penti yakuda, kamodzi pa ana atatu alionse. Anatolera zitsekerero za mabotolo 87, nalemba nambala ya mwana aliyense mkati mwake, naziika m'chitini cha mkaka. Pofuna kuti ana akhale chete, ankagogoda botolo ndi supuni katatu.

Lachinayi ndinali ndi nthawi yopanda kalasi, ndiye ndinapita kuti ndikakhale pakamwa pawo. Anakana ndi mutu, nandilozera malo kumbuyo. Pa bolodi analemba kuti: kapu ya madzi pamodzi ndi shuga wa masupuni atatu ali pambali zikulemera magalamu 250. Tikathira shugayo m'madzi n'kutakasa mpaka asungunuke, zidzalemera bwanji? A, kuchepera apo. B, chimodzimodzi. C, kuposa apo.

Anakweza chala chimodzi, n'kuyang'ana wotchi. Miniti itatha anazunguza dzanja, ndipo kalasi inayamba kulira ngati njuchi. Anayenda pakati pa madesiki chammbali, poti mpata unali wochepa, akuweramira apa ndi apo. Kenako anagogoda botolo, timabolodi tonse n'kukwera m'mwamba. Ndinawerenga nawo. A analipo 21, B asanu, C atatu.

Ba Kachingwe anakhala pansi pang'onopang'ono. Nkhani imeneyi anawalembetsa anawa chaka chatha, ndipo aliyense anali nayo m'kope mwake, yodulidwa mzere. Ndinaona pakhosi pawo pakugwedezeka, ndipo ndinaopa kuti aiwala lamulo la adokotala. M'malo mwake anapisa dzanja m'chitini, natulutsa chitsekerero, nalemba nambala yake pa bolodi. Anali Gershom, mnyamata wamtali wapakona, katswiri wa nkhani za mpira.

"Ni A, ba ticha," anatero Gershom. "Shuga yasila, yayenda. Chinthu chamene sichioneka chingaleme bwanji?"

Ba Kachingwe sanavomere, sanakane. Analoza Purity, amene kabolodi kake kanali ndi B.

"Ngati shuga yayenda," anatero Purity atatembenukira kwa Gershom, "nanga tiyi imanzuna chifukwa cha chani?"

"Kunzuna sikulema," anayankha Gershom.

Kalasi inagawikana. Ena ankati zoona, kukoma kulibe kulemera, ena ankati chokomacho ndi shuga yemweyo. Ana amene sindinawamvepo mawu ankatsutsana atatambasula manja. Ba Kachingwe anawasiya mphindi zisanu, kenako anatulutsa m'chikwama kasikelo kakang'ono ka manambala, kapu, supuni ndi shuga wa m'kapepala. Anakodola Gershom kuti ayeze yekha. Mnyamatayo anathira, natakasa, nayang'ana nambala. Anatakasanso. Ananyamula kapu, nasuzumira kunsi kwa sikelo, naibwezera.

"Ndiye kuti ilimo," anatero motsitsa mawu. "Yabisala chabe."

Ana atatuluka, ba Kachingwe anandilembera mzere umodzi: "Zaka khumi ndi zinayi akhala akundiuza kuti tamva."

Sikuti zonse zinayenda bwino kuyambira pamenepo. Sabata yotsatira anayesa magulu a ana khumi, ndipo pagulu lililonse ankagwira ntchito ndi awiri, ena n'kumaonerera pawindo. Anabwerera ku atatuatatu. Tsiku lina phokoso linakula mpaka ahedi anabwera kuchokera ku ofesi, akuganiza kuti m'kalasi mulibe mphunzitsi. Anaima pakhomo nthawi ndithu, kenako anawaitanira panja.

"Ba Kachingwe, naona ana akusewenza," anatero ahedi. "Koma funso limodzi kutenga theka la piriyodi? Mayeso ni Novembala. Silabasi izasila?"

Iwo analemba kuti, "Sindikudziwa." Ahedi anawerenga, nawayang'ana, nabwerera ku ofesi.

M'kalasi imeneyo munali mtsikana dzina lake Chimuka, wa zaka 17, wamkulu kuposa anzake. Kwawo kunali ku Chanyanya, kumudzi wa asodzi m'mbali mwa mtsinje, ndipo anali atakhala zaka zitatu osaphunzira, akuthandiza amayi ake kugulitsa nsomba. Kuno ankakhala kwa azakhali ake. M'kalasi yanga ya Chingerezi ankabisala kumbuyo kwa mnzake, ndipo ndikamufunsa ankangoyang'ana pansi mpaka ndimusiye.

Sabata yachitatu ba Kachingwe anafika pa mutu wa kapumidwe ka zamoyo. Funso la pa bolodi linali lakuti: nsomba imapuma bwanji ili m'madzi? Chitsekerero chinatulutsa nambala ya Chimuka. Anaimirira, nayang'ana pansi monga mwa masiku onse. Kale ba Kachingwe akanadikira pang'ono n'kuyankha okha. Tsopano analibe chochita koma kudikira, ndipo anadikira. Ana amene analipo amati panapita nthawi yaitali ndithu.

Kenako Chimuka anayamba kulankhula, Chinyanja chosakaniza ndi Chitonga cha kwawo. Anati nsomba imamwa madzi pakamwa n'kuwatulutsira m'mbali mwa mutu, pamene pali tinyama tofiira tonga zipeso. Anati m'nyengo yotentha, m'maiwe mmene madzi sayenda, nsomba zimakwera pamwamba m'mamawa, pakamwa pali yasa, ngati munthu wobanika. Ena anayamba kuseka kalankhulidwe kake. Ba Kachingwe anagogoda botolo kamodzi kokha, natembenukira osekawo, ndipo kuseka kunathera pomwepo. Analemba pa bolodi ndi zilembo zazikulu: "Mawa atiphunzitsa Chimuka."

M'mawa mwake ba Kachingwe anadzera pamsika nagula mitu ya nsomba yodzaza kabeseni. Fungo linafika mpaka kwa ine, moti ana anga anandipempha kuti tikaonere, ndipo tinaima pawindo. Chimuka anali kutsogolo. Manja ake anatsegula chivindikiro cha m'mbali mwa mutu wa nsomba mwamsanga, osayang'ana n'komwe. Anaonetsa tizipeso tija, nati nsomba ikakhala yatsopano timakhala tofiira, ikagona timatuwa, ndipo ogula ochenjera amayang'ana pamenepo. Wina anafunsa kuti n'chifukwa chiyani tofiira. Chimuka anati sakudziwa. Ba Kachingwe analemba kuti, "Tsamba 64," ndipo magulu anathamangira m'mabuku, mitu ya nsomba ili pa madesiki. Anapeza okha kuti ndi magazi, ndipo magaziwo ndi amene amatenga mpweya wosungunuka m'madzi. Purity anawerenga mayina a Chingerezi, Chimuka n'kumaloza pamene pali chilichonse, nawabwereza mayinawo pang'onopang'ono.

Tsiku lokamva zotsatira za kachotupa kaja linali Lachinayi la sabata yotsekera sukulu. Ba Kachingwe ndi ba Elina ananyamuka ndi minibasi yoyamba. M'chipinda cha aphunzitsi palibe amene ankaitchula nkhaniyo, koma aliyense ankangoyang'ana foni. Ine ndinachonga kope limodzi kawiri osazindikira. Cha m'ma wanu koloko foni yanga inalira. Anali ba Elina, ndipo kumbuyo kunkamveka makondakitala akuitanira anthu.

"Mwana wanga, si khansa," anatero. "Akuti kanali kachotupa chabe, kobwera na kukuwa. Si khansa."

Ndinakhala pansi. Ahedi, amene anali ataima pafupi, anatseka maso nati, "Ambuye alemekezeke." Kenako pafoni panabwera mawu ena, aang'ono, okhakhala ngati a munthu wongodzuka kumene.

"Muli bwanji, ba Rabecca."

Sindikumbukira zimene ndinayankha. Ba Elina anadzandifotokozera pambuyo pake kuti adokotala atawalola kuyesa kulankhula, iwo ankayembekeza pemphero kapena mawu ena aakulu. Koma amuna awo anangowayang'ana nati, "Amake Daliso, nili na njala." Ba Elina anawatengera pa lesitilanti yapafupi ndi pokwerera mabasi, ndipo anamaliza mbale yawo n'kutengako ya akazi awo.

Mawu anabwerera, koma osati aja akale. Adokotala anawachenjeza kuti akayambanso kukuwa, kachotupa kadzabwerera. Titatsegulira teremu yomaliza, ambiri tinkaganiza kuti ayesabe kubwerera ku njira yawo, poti masabata anali atatsala ochepa. Anayesadi. Tsiku loyamba anatsegula buku la chikuto cholimba nawerenga mizere iwiri. Akumbuyo sanamve kanthu. Gershom anakweza dzanja nafunsa kuti, "Ba ticha, titenge tumabolodi?" Ba Kachingwe anayang'ana buku, nayang'ana kalasi, nati, "Tengani."

Kuyambira pamenepo ankalankhula komalizira. Ana akaganiza, akatsutsana, akayesa ndi manja, iwo ankatenga mphindi zisanu kapena khumi kumangirira zonse pamodzi ndi kukonza zolakwika, kenako n'kulembetsa manotsi aafupi. Popeza mawu anali ochepa, ana ankatontholetsana okha kuti amve. Silabasi sinathe. Mitu iwiri inatsala, ndipo anangoijambulitsa pa makina n'kugawira ana kuti akawerenge kunyumba. Sabata ya mayeso ankayendayenda panja pa holo, manja kumbuyo, ndipo anandiuza kuti ngati ana alephera chifukwa cha mitu iwiriyo, mlandu ndi wawo.

Zotsatira zitatuluka, pa ana 84 amene analemba, 59 anakhoza sayansi. Chaka cham'mbuyo anakhoza osafika theka. Sizinali zozizwitsa, ndipo ena amene ankalankhula kwambiri m'kalasi analephera ndithu. Gershom anakhoza sayansi bwino koma anagwa masamu ndi Chingerezi changa, moti anabwereza. Ba Kachingwe anawerenga mndandanda wonse ndi chala, kuyambira pamwamba mpaka pansi, kenako anavula magalasi, napuma mpweya wautali, napempha tiyi.

Tsiku lomwelo chakumasana panafika bambo wina panjinga, thalauza atalipinda mwendo umodzi, fumbi lili mpaka m'nsidze. Anati ndi atate ake a Chimuka, ndipo apalasa kuchokera ku Chanyanya kudzamva za mwana wawo, poti iye mwini ankaopa kubwera. Ahedi anawauza kuti wakhoza ndipo wapeza malo a giredi 10. Bambowo, chipewa chili pabondo, anafunsa kuti mphunzitsi wa nsomba uja ndi uti. Ndinawaperekeza kwa ba Kachingwe, napatsana moni ndi manja awiri.

"Mwana uja watilemetsa kunyumba," anatero bambowo. "Chilichonse afunsa. Dzulo ananifunsa chifukwa chake bwato lopanda munthu limalowa pang'ono m'madzi, koma tikaikamo katundu limalowa kwambiri. Ine napalasa bwato kuchokera nili mwana, koma nenzelibe yankho."

"Munamuuza chani?" anafunsa ba Kachingwe.

"Ninamuuza kuti akafunse imwe."

"Mukamuuze ayambe wayesa na mbale mu beseni, aziikamo miyala umodziumodzi. Akaona vamene aone, abwere tikambisane."

Bambowo anabwereza malangizowo kawiri kuti asaiwale. Ba Kachingwe anawatungira madzi akumwa m'botolo, nawaperekeza mpaka pageti, akuwakankhira njinga ija, uku akufunsa za msewu wa ku Chanyanya ndi mmene mtsinje wadzalira chaka chino.